Mbale Zosadyera: N'chifukwa Chiyani Anthu Amasunga Zinthu Zakale M'nyumba?

[Kamera ili pa kapu yadothi yoyera, ya timaluwa tabuluu, yobenthuka m'mlomo]

Kapu mukuionayi, papita zaka zambiri munthu asanamweremo tiyi. Ndi yobenthuka apa, chogwirira chake chinachita kumatidwa, ndipo nditapita nayo pamsika wa ku Limbe palibe angandipatse ngakhale ya mpiru wa madzulo. Koma moto utabuka m'nyumba muno usiku uno, ana atatuluka onse, chinthu choyamba chimene ndingabwerere ndi kapu imeneyi.

Moni nonse kulikonse kumene mukuonera. Lero tikambirane za khalidwe limene lili pafupifupi m'nyumba iliyonse, koma sitilifunsa kawirikawiri. N'chifukwa chiyani munthu amasunga, kapena kuchita kugula ndi ndalama zake, chinthu chimene sachigwiritsa ntchito? Chinthu chongoti chikhale apo, azichipukuta fumbi Loweruka lililonse?

[Chithunzi cha kabati ya magalasi pabalaza]

Amene munakulira m'nyumba ya kabati mwadziwa kale kumene ndikulowera. Kabati ya magalasi, pabalaza, moyang'anizana ndi khomo kuti wolowa aione asanakhale n'komwe pansi. M'katimo mbale zadothi zoimika chotsamira, matambula ovundikira, tipoti, ndi tinsalu toluka pamanja pansi pa chilichonse. Pamwamba pake maluwa apulasitiki, chithunzi cha ukwati, mwina ndi kagalu kadothi. Kiyi wake amakhala kunsonga ya chitenje cha amayi, womangidwa mfundo ziwiri. Ife ana tinkadyera m'mbale zachitsulo zija za madontho akuda pomwe penti anasupuka. Kabati inkatsegulidwa pa Khirisimasi, abusa akabwera, kapena tsiku limene ankhoswe akubwera kudzakamba nkhani yaikulu. Ikatha nkhaniyo, mbale zitsukidwe ndi munthu wamkulu, zipukutidwe, zibwerere m'malo mwake.

Ambiri tikamva za anthu osonkhanitsa zinthu zamakedzana, maganizo amathamangira kwa azungu olemera a ku London. Ine ndikukana. Amayi aja a kiyi kuchitenje nawonso anali osonkhanitsa. Chimene chimakoka mtima wawo ndi chomwecho chimene chinakoka mafumu a ku Ulaya, kusiyana kwake ndi kukula kwa thumba basi.

Pa malonda a zinthu zakale pali muyezo umene ambiri amatsatira: chinthu chikakwanitsa zaka 100, ndiye chimalowa m'gulu la zamakedzana zenizeni, ndipo ngakhale a kasitomu ku America amagwiritsa ntchito muyezo womwewu. Chosafika pamenepo chimangotchedwa chakale kapena chokongoletsera. Muyezowu ndi wa ogulitsa. Mtima wa wosunga suwerenga zaka.

[Chithunzi cha mitsuko italiitali yoyera ya zojambula zabuluu]

Taonani mitsuko iyi. Ili mumzinda wa Dresden ku Germany mpaka lero. Mwini wake anali Augustus, wolamulira dera la Saxony amenenso anali mfumu ya Poland. M'chaka cha 1717 munthu ameneyu anatenga asilikali ake 600 okwera pamahatchi, anthu amoyo, a makolo awo ndi kwawo, n'kuwapereka kwa mfumu ya Prussia. Posinthanitsa analandira ziwiya zadothi 151 zochokera ku China. Mpaka pano mitsuko ikuluikulu ya m'gulu limenelo imadziwika ndi dzina la asilikali amene anaigula ndi moyo wawo.

Nkhaniyi imandiwawa ndikaiganizira, koma imatithandiza kumvetsa mtengo umene dothi loyerali linali nawo. Nthawi imeneyo anthu a ku China anali atadziwa kwa zaka mazanamazana kuumba mbale zoyera, zopyapyala moti kuwala kumadutsa, zolira ngati belu ukazigogoda ndi chala. Chinsinsi chake chinali mtundu wa dongo loyera lotchedwa kaolin, kuphatikiza ndi ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,200. Ku Ulaya ankayesa, n'kumalephera. Augustus anagwira mnyamata wina, Johann Friedrich Böttger, amene ankadzitama kuti angapange golide, n'kumutsekera kuti apange golideyo. Golide sanatuluke. Chimene chinatuluka, atagwira ntchito limodzi ndi katswiri wina dzina lake Tschirnhaus, ndi dothi loyera lija. Mu 1710 fakitale inatsegulidwa m'tauni ya Meissen, ndipo ikuumbabe mpaka lero, chizindikiro chake malupanga awiri opingasa kunsi kwa mbale.

Augustus anasonkhanitsa ziwiya zoposa 20,000. Ngakhale akanadyera m'mbale yatsopano m'mawa, masana ndi madzulo, zikanamutengera zaka zambiri kuti azimalize. Sankafuna zodyera. Ankafuna kuti mfumu inzake ikalowa m'nyumba mwake, idziwe yokha kuti yafika kwa yani, mwininyumba asanatsegule pakamwa.

Kabati ya pabalaza imagwira ntchito yomweyo. Imalankhula m'malo mwa eni nyumba. Imauza mlendo kuti pakhomo pano pali dongosolo, pali mayi wosamala, tinakwatirana pa ukwati woyera ndipo mphatso zake ndi izi, ndipo inu mukafika tili ndi chokulandirirani. Ena amati kumeneko n'kudzionetsera. Mbali ina n'zoona. Koma ganizirani bwino: mbale zabwino kwambiri za pakhomo, eni ake amadzimana, n'kusungira munthu wobwera. Ine pamenepo ndimaonapo ulemu woposa kunyada.

[Kamera ibwerera pa kapu ija]

Tsopano ndikuuzeni za kapuyi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Agogo anga aamuna anali m'gulu la amuna zikwizikwi a dziko lino amene analembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni. Anabwerako ngozi ija isanachitike, ya mu April 1974, pamene ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Dr. Banda n'kuimitsa zolemba anthu. Anabwera ndi bokosi lachitsulo lopentedwa, m'katimo muli bulangete lolemera, jekete, nsalu za agogo aakazi, ndi makapu sikisi okutidwa m'manyuzipepala, lililonse ndi kambale kake. Makapu amenewo anayenda pasitima, pandege, palole, mpaka omaliza mtunda anasenzedwa pamutu kuchokera pamsewu kukafika kumudzi. Palibe inasweka.

Agogo aakazi ankaitulutsa kapu, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje ngakhale inali yoyera kale, kuiyang'ana kudzuwa, n'kuibwezera. Ndili mwana ndinkaona ngati akuyang'ana ngati yasweka. Ndazindikira nditakula kuti ankayang'ana zaka zimene anakhala okha, akulima okha, akudikira kalata.

Izi ndi zimene chinthu chakale chimachita, zimene chatsopano sichingathe ngakhale chikongole bwanji. Kukumbukira kwa munthu kumafuna pogwira. Nkhope ya malemu imayamba kuzimiririka m'mutu, mawu awo amaiwalika, koma ukagwira chipewa chawo, ukamva kulemera kwa nsimbi ya makala imene ankasitira yunifolomu yako, zonse zimabwerera nthawi imodzi. N'chifukwa chake makina osokera a Singer amene anasiya kusoka kalekale akadali pakona m'nyumba zambiri, atafunditsidwa nsalu. N'chifukwa chake wina akusungabe wailesi ya Nzeru yosalira, imene banja lonse linkazungulira madzulo. N'chifukwa chakenso Mmalawi wokhala ku Leeds kapena ku Johannesburg amanyamula kamtondo kakang'ono, chipande, mbale za ku Dedza Pottery, kapena mpando uja wa matabwa awiri olowetsana umene timautcha wa mfumu, n'kukaziika pabalaza m'dziko lozizira. Sakasinjiramo kanthu. Akufuna ana ake obadwira kumeneko akhale ndi chinthu choloza pofunsa kuti, "Adadi, ichi n'chiyani?"

Akatswiri a maganizo a anthu anayesapo mbali ina ya nkhaniyi, ndipo anagwiritsanso ntchito makapu. Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anasindikiza zotsatira zake mu 1990. Anagawira makapu theka la gulu lina la ophunzira a pa yunivesite ya Cornell, enawo osawapatsa. Kenako anafunsa olandirawo mtengo umene angagulitsire, n'kufunsa osalandirawo mtengo umene angagulire. Eni makapu ankatchula mtengo wowirikiza pafupifupi kawiri. Kapu yomweyo, yongolandira mphindi zochepa zapitazo, koma kungoti yakhala "yanga", yakwera kale mtengo mumtima. Nanga ikakhala m'banja zaka 50?

[Dzanja likutambasula ndalama zachitsulo zakale pansalu]

Pali gulu lina la osonkhanitsa limene silitsata za malemu. Awa amakonda kusaka.

Ili ndi khobidi lobowola pakati, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo. Izi ndi za dziko la Malawi litangolandira ufulu mu 1964: iyi ya chithunzi cha tambala, sheleni ya chimanga, ndi iyi ya njovu ndi mwana wake. Mu 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi, n'chifukwa chake agogo ena mpaka kumwalira ankatchula 10 tambala kuti sheleni. Munthu akangopeza zitatu mwa ndalama zimenezi, mtima suonanso zitatu zimene ali nazo. Umaona imodzi imene ikusowa. Amayamba kufunsa kwa achibale, kufufuza m'zitini zakale za agogo, kucheza ndi madala a pamsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo osonkhanitsa enieni amadekha zaka. Tsiku limene apeza, chimwemwe chake sichikhalitsa, chifukwa aphunzira kale kuti palinso ina ya chaka china.

Kusaka kotereku kumaphunzitsa. Munthu amene anayamba ndi khobidi limodzi amathera podziwa mbiri yonse ya chitaganya. Nyumba zambiri zazikulu zosungiramo zinthu zakale zinayamba chonchi, ndi munthu mmodzi wosatha kuleka. Dokotala wina, Hans Sloane, pomwalira mu 1753 anasiya zinthu pafupifupi 71,000, ndipo zimenezo ndi zimene zinayambitsa British Museum. Tisabise, gawo la chuma chimene ankagulira zinthuzo linachokera m'minda ya nzimbe ku Jamaica, yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa kuno.

[Chithunzi cha kambale koyera kakang'ono]

Nanga ndalama? Ndikudziwa ena mwadikira gawo limeneli.

Mu 2007 banja lina la ku New York linagula kambale aka kwa anthu amene ankagulitsa katundu wakale pakhomo pawo. Mtengo wake sunapitirire madola atatu. Kanakhala pabalaza zaka zingapo ngati chokongoletsera wamba. Atakafunsa kwa akatswiri, kanapezeka kuti n'ka ku China, ka zaka pafupifupi 1,000, ka nthawi ya ufumu wa Song. Mu March 2013 kampani ya Sotheby's inakagulitsa pa okushoni, anthu akupikisana mitengo monga zimakhalira ndi fodya ku Kanengo, ndipo kanapita pa madola 2.2 miliyoni. Kambale kosadzaza n'komwe chikhatho chotambasula.

Nkhani ngati imeneyi imafala chifukwa sichitikachitika. Zinthu zakale zambiri sizikwera mtengo, zina zimatsika ndithu m'badwo umene unkazikonda ukatha. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa chinthucho, luso la amene anachipanga, kusawonongeka kwake, ndiponso umboni wa kumene chachokera: anachipanga ndani, anachisunga ndani, chinadutsa m'manja mwa yani. Onani kuti ngakhale kumsika wa anthu olemera, chimene akugula ndi mbiri. Mipando iwiri yofanana, umodzi uli ndi pepala losonyeza mwini wake woyamba, winawo ulibe, mitengo yake imatalikirana kutalitali.

Ndipo pamene pali ndalama, akamberembere sasowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiboliboli chosemedwa mwezi watha chimakwiriridwa m'dothi, kufukizidwa utsi, kukhulidwa m'mbali, kuti chioneke ngati chinaona nkhondo ya Chilembwe. Mtengo wamba umapakidwa polishi wa nsapato wakuda n'kumagulitsidwa ngati phingo. Phingo weniweni ndi wolemera modabwitsa, ndipo ukakanda pang'ono kunsi kwake, kuda kwake kumapitirira mpaka m'kati. Kunonso kwathu kwakhala mphekesera zakuti nsimbi zakale za makala kapena ndalama zina zachitsulo zili ndi mphamvu yachinsinsi imene azungu akuifuna ndi mamiliyoni. Anthu agulitsa mbuzi kuti agule nsimbi, wogula wolonjezedwayo osaoneka. Munthu akakuuzani kuti chinthu chili ndi msika wachinsinsi umene akuudziwa iye yekha, gwirani thumba lanu.

Kugula chiboliboli chatsopano si kulakwa ayi. Amisiri athu akusema zinthu zokongola zedi, ndipo kugula kwa iwo ndi kudyetsa mabanja. Cholakwika ndi kunama zaka.

[Chithunzi cha nyumba za ku Mua]

Pali zinthu zina zimene sizoyenera kukhala pabalaza pa munthu, ngakhale atazikonda chotani, ndipo apa ndilankhula mosapsatira.

Minyanga ya njovu ndi choyamba. Malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo kuno kwathu lamulo la zanyama zakutchire litakhwimitsidwa mu 2017, milandu ikuluikulu yotere ingathe kumutengera munthu kundende zaka mpaka 30. Kachibangili kooneka kosalakwa kangakugonetseni m'chitokosi. Palinso lamulo lotchedwa Monuments and Relics Act, limene limateteza zinthu zamakedzana za dziko lino, ndipo simungangozinyamula kutuluka nazo kunja popanda chilolezo cha boma. Mabokosi onunkhira aja a mkungudza wa ku Mulanje nawonso tiziwaganizira kawiri, chifukwa mtengo umenewu, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Kenako pali zinthu za mizimu. Mu 1897 asilikali a Britain anawononga mzinda wa Benin, m'dziko limene lero ndi Nigeria, n'kutenga zosula ndi zosema zikwi zingapo za kunyumba ya mfumu. Zambiri zinagulitsidwa, zina n'kukathera pamashelefu m'nyumba za anthu ngati zokongoletsera. Eni ake sankaziona ngati zokongoletsera. Zinali za pamaguwa a makolo awo. Dziko la Germany linayamba kubweza zina mu 2022, patatha zaka 125.

Ifenso tili ndi zathu. Za Gule Wamkulu zili ndi eni ake, zili ndi malo ake, zili ndi mwambo wake, ndipo si za pakhoma pa hotela. Amene akufuna kuona ndi kuphunzira, apite ku Mua m'boma la Dedza, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko, m'nyumba ya Chamare, muli nkhope za Gule mazanamazana, ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti sizinangopachikidwa. Iliyonse ili ndi dzina lake ndi chimene imaphunzitsa. Munthu amene anazisonkhanitsa anakhala pansi zaka zambiri ndi eni mwambo, akufunsa, akulemba.

[Kamera ili pa wolankhula, kapu ili m'manja]

Kufunsa kumeneko ndi kumene kunasowa kwathu. Agogo aakazi atamwalira, katundu anagawidwa mwamsangamsanga monga zimakhalira pambuyo pa maliro. Makapu anamwazikana, ena anathera m'manja mwa ana n'kusweka mwezi womwewo. Bokosi lachitsulo lija anayamba kusungiramo mbewu, kenako linakhala poikirira nkhuku, dzimbiri n'kulidya kunsi. Tsiku lina anyamata ogula zitsulo zakutha anadutsa ndi sikelo yawo, ndipo bokosi, nsimbi ndi mutu wa makina osokera zinapita pa mtengo wa pakilo. Sindikuimba mlandu wachibale aliyense. Panali njala chaka chimenecho, ndipo palibe anawauzapo kuti bokosilo linayenda ulendo wotani. Ine ndemwe ndinafika mochedwa, n'kupeza kapu imodzi iyi ili pawindo, akusungiramo singano ndi mabatani.

Ngati muli ndi chinthu chotere, musathamangire kuchikonza. Ndalama zachitsulo zakale musazikweche ndi mchenga kapena phulusa kuti ziwale, mukuchotsa chimene odziwa amachifuna. Mpando wakale wa mlombwa kapena mbawa musaupake penti wonyezimira, ungofuna kupukutidwa ndi kuikidwa potalikira chinyezi ndi chiswe. Zithunzi ndi nsalu zimafwifwa ndi dzuwa, zichotseni pawindo. Mbale yadothi yosweka, sungani zidutswa zonse.

Mwezi wathawu ndinapita ndi kapuyi kwa azakhali anga, omwe ndi okhawo otsala mwa ana a agogo. Maso awo sakuonanso bwino. Ndinawaika kapuyi m'manja osanena kanthu, foni ndili nditayatsa kuti ijambule mawu. Anaisisita, chala chawo n'kufika pobenthuka paja, n'kuima pomwepo.

Anati, "Iyi ndinabenthula ndine. Tsiku limene bambo ako anabwera ndi ankhoswe awo kudzafunsira mayi ako, ine ndi amene ndinkapereka tiyi. Manja ankanjenjemera ngati wofunsiridwayo ndine. Inagunda pa tipoti. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuitenga kapu yobenthukayo kumwera iwowo, kuti alendo asaone."

Ndakhala ndi kapuyi zaka zonsezi ndikuganiza kuti anaibenthula ndi ana aja. Mawu a azakhaliwo ndawalemba pa kapepala aka, ndi tsiku lake, ndi mayina a onse amene anakhala pamphasa tsiku limenelo, monga anawatchulira. Ndakapinda kanayi, ndipo kakukhala m'kapu momwemu.

[Dzanja liika kapepala m'kapu, kapu ibwezedwa m'kabati, chitseko chagalasi chitsekedwa]